Ña Eduvigis Cañete ndi Mitanda ya ku Chaco

Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe mbiri ya Ña Eduvigis Cañete (kwathu kuno “Ña” ndi kunena kuti “Mayi”), amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ati ndilembe modekha. Aiwala kuti kudekha Mulungu anagawira ena, ine ndinafika mochedwa. Komabe ndinakhala moyandikana ndi mayiwa chikwatiwire changa, ndiye ndilemba zimene maso anga anaona.

Ña Eduvigis anabadwira kuno ku Sapucai. Bambo awo ankayendetsa ngolo ya ng'ombe ndipo anamwalira iwo akadali kamtsikana. Sukulu sanaiponde. Kolona anaphunzira pa miyendo ya mayi awo, ndipo asanathe n'komwe msinkhu anali atayamba kale kugulitsa chipa pa siteshoni ya sitima, timabuledi tathu tija ta ufa wa chinangwa ndi tchizi. Anakwatiwa ndi Rosendo, amene ankakonza njanji, koma malungo anamutenga mwana wawo Nicasio akuyamwa. Sanakwatiwenso. Misa ya m'mawa sankajomba, ndipo wina akawadandaulira za umphawi ankati: “Mulungu sawerenga mazira, amaona manja amene akukanda.”

Nicasio anakula wamphamvu ndi wolimbikira, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Ankanyogodola aliyense, ngakhale wansembe. Amayi ake ankamuthamangitsa ndi chikuni uku akuseka.

Nkhondo ya ku Chaco, dera louma lija la kutali, itabuka mu 1932, Nicasio anapita ndi anyamata anzake. Ife amayi a gulu la Mtima Woyera tinayamba kutumiza maphukusi, koma palibe amene ankafika pa Ña Eduvigis. Ankawotcha chipa kawiri kuti isachite nkhungu m'njira, n'kuikamo uchi wa nzimbe, masamba a tereré, chakumwa chathu chozizira chija, ndi ndudu zopichira okha, kenako n'kusoka zonse m'thumba la ufa. Dzina pamwamba ndinkawalembera ndine. Anagulitsa nkhuku, anagulitsa bedi lachitsulo limene Rosendo anawasiyira, n'kumagona pa chikopa cha ng'ombe.

Mayankho ankabwera ndi Venancio, mnyamata wa konkuno amene ankayendetsa lole ya asilikali. Ulendo uliwonse ankawabweretsera kamtanda kosema pa mtengo wonunkhira wa kumeneko, ndi mawu akuti: “Akuti zikomo kwambiri, akuti Mulungu akusungeni.” Venancio ankati Nicasio samuona chifukwa ali kutsogolo, koma mnzake wina ndiye amadzalandira katundu. Mitandayo Ña Eduvigis anaindandalika pansi pa chithunzi cha Mariya Virigo, ndipo nyumba yonse inkanunkhira. Ena tinkachita nayo nsanje, sindibisa. Uthenga wa imfa ukafika pa khomo la wina, amene ankatsogolera novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi opempherera womwalirayo, anali iwo, ndipo pobwerera ankalowa m'tchalitchi kukathokoza kuti wawo akadali moyo.

Nkhondo inatha mu 1935. Tsiku limene sitima ya asilikali inkafika, mudzi wonse unali pa siteshoni, belu likulira, oimba malipenga atatupitsa masaya. Ña Eduvigis anaima kutsogolo ndi dengu la chipa yotentha. Anthu anatsika, anakumbatirana, khamu linayamba kupunguka. Nicasio osaoneka. Pomalizira panatsika munthu wachilendo, wowonda ngati ndodo, zala zake zili zipsera za mpeni zokhazokha. Venancio anamuloza nati: “Ndi uyo mnzake uja, Crispín.”

Munthuyo anabwera, anagwada pafumbi, n'kuphatikiza manja monga achitira mwana popempha dalitso kwa kholo lake.

“Ña Eduvigis, ndabwera kudzathokoza. Ndine ndinkasema mitanda ija.”

“Iwe? Nanga Nicasio wanga?”

“Nicasio kulibe, amayi. Anafa Khirisimasi yoyamba isanafike. Tinamukwirira m'tchire, dzina lake silinafike kwa akuluakulu. Phukusi litabwera tinati tidye limodzi lokhali, kenako tinena. Koma njala, amayi... Tinali anayi odya chipa yanu. Ndatsala ndekha.”

Malipenga anasiya okha. Mayi wina anakomoka. Venancio anakhala pansi n'kugwira mutu, akungoti “Yesu, Yesu, ndimanyamula bodza ine.” Amuna anayamba kuvula malamba, ndipo ine ndinali nditatola kale mwala.

Ña Eduvigis sanalire. Anangofunsa ndi mawu otsika:

“Ndiye mwana wanga wagona m'tchire nthawi yonseyi popanda novena, popanda kandulo? Ine ndikupempherera ana a eni, wanga ali mu purigatoriyo akudikira?”

Crispín sanadzutse mutu. Manja ake anali chiphatikizire.

Zimene Ña Eduvigis anachita pamenepo zinatidzidzimutsa kawiri. Anatenga chipa m'dengu n'kumuikira pa bondo, nauza amuna aja kuti: “Mangani mabuluku anu asakugweni. Wafa mmodzi wakwanira.” Koma manja ophatikiza aja sanawayankhe. Kwathu kuno ngakhale mbava ikaphatikiza manja, munthu wamkulu amati “Mulungu akudalitse” asanaitane apolisi. Iwo anangotembenuka nati: “Dzuka, unditsate. Uli ndi mapemphero oti ubweze.”

Novena ya Nicasio anaitsogolera Crispín, atagwada pa njerwa. Itatha sanachoke, pakuti kwawo kunalibe womudikira. Ña Eduvigis anamupatsa chisakasa cha kuseri, anamuchiza zilonda, anamuchapira, ndipo atakhala mmisiri wa matabwa, amene anakamufunsira mbeta ndi iwo. Ine ndinkawafunsa kuti: “Koma Ña Eduvigis, mutu ukuyenda bwino? Mukuweta fisi amene anadya mbuzi yanu?” Ankangoti: “Anaidya kale, Ramona. Tsopano ndi wanjala basi.”

Komabe dalitso ankamumana. M'mawa uliwonse Crispín ankaima pakhomo pawo n'kuphatikiza manja. Iwo ankamupatsira chikho cha tereré kuti manjawo atseguke, nkhani n'kuthera pomwepo. Ana a Crispín ankawadalitsa, mkazi wake ankamudalitsa, ngakhale zidakwa za pa siteshoni. Iye yekha ayi. Ndipo Crispín anazitengera kumtima moti anasiya kulandira Ukaristia. Kulapa ankalapa, wansembe ankamumasula, koma iye ankati: “Mulungu sangandilandire patebulo mayi uja asanatsegule pakamwa.” Ankakhala benchi lomalizira, ndipo amuna ankamunyoza kuti: “Crispín, kagwire malo kumoto, uzikatisemera mipando.”

Wansembe wina wachinyamata anayesa kuwadzudzula Ña Eduvigis. Anamuyankha pamaso pa tonse:

“Bambo, manja angawa anamukhululukira kalekale. Mtima ndiwo ukuchedwa m'njira. Mukufuna ndiname ndi dzina la Mulungu?”

Wansembeyo anakanda m'mutu, sanabwerezenso.

Zaka zinapita iwo akutumikira parishi mwakachetechete. Ankasambitsa mitembo ya osowa abale, ankasesa m'tchalitchi, ndipo anyamata athu akapita ku usilikali ku Chaco ankawatumizirabe maphukusi. Chilichonse ankaika pawiri. Tikafunsa ankati: “China n'cha mwini dzina, china n'cha wakuba. Wakuba sasowa, ndipo nayenso ali ndi mayi.” Koma za Nicasio sanamufunsepo Crispín ngakhale kamodzi, zaka makumi anayi zathunthu. Ndinkaona kuti akuopa yankho.

Chaka chino miyendo inawakana, kenako chifuwa. Tsiku lomaliza, masana, atalandira mafuta oyera, tinali titawazungulira tikupemphera kolona. Crispín, tsopano nkhalamba ya imvi, anali atagwada pakhomo, manja ali pamodzi. Ndinamumvera chisoni koyamba m'moyo wanga, chifukwa mpweya wa mayiwo unkatha tikuona, ndipo ndinadziwa kuti akapita osalankhula munthu uyu adzafa akudziyesa wotayika.

Ña Eduvigis anatsegula maso.

“Crispín, sendera. Mwana wanga analawako?”

“Analawa, amayi. Phukusi loyamba linamupeza wamoyo.”

“Anati chiyani?”

“Anati zikomo kwambiri, Mulungu...”

“Usayambenso!” Mawuwo anatuluka mwamphamvu moti kolona inandipulumuka m'manja. “Ndikufa ine. Anati chiyani?”

Crispín anatiyang'ana ife, n'kuyang'ana pansi.

“Analuma kamodzi n'kunena kuti: ‘Nkhalamba ija yagwirizana ndi adani? Mchere wonsewu, kudziko lopanda madzi! Ikufuna indiphe zipolopolo zisanandipeze.’ Koma anadya yonse, amayi. Ife tinapempha, anatitukwana. Thumba analitembenuza n'kunyambita, kenako n'kumalitsamira pogona.”

Tonse tinagwira pakamwa. Mawu otere kwa munthu amene wangolandira mafuta oyera! Bambo mfumu anayang'ana kudenga. Ndiye tinamva kaphokoso kuchokera pa mtsamiro, tinayesa akutsamwa, koma ankaseka. Ankaseka misozi ikutsikira m'makutu.

“Ameneyo ndiye,” anatero. “Ameneyo ndiye Nicasio wanga. Galu wachabechabe. Zaka zonsezi ndimadikira mawu ake, iwe n'kumandipatsa a mngelo.”

Anatambasula dzanja, ndipo mkazi wa Crispín anawathandiza kulikweza mpaka linafika pa imvi zija.

“Mulungu akudalitse, mwanawe. Masula manjawo, atopa.”

Anamwalira belu la Mngelo wa Ambuye lisanalire madzulo amenewo, nkhope ili phee. Bokosi anakhoma ndi Crispín.

Bambo mfumu akufuna nditsirize ndi phunziro. Ine si wamaphunziro, koma ndinene ichi: mayiwa anadyetsa munthu amene anawalakwira kuyambira tsiku loyamba, ndipo sananamize Mulungu kuti chilonda chapola chisanapole. Ambiri a ife timachita mosemphanitsa, pakamwa timadalitsa msanga koma mbale timabisa. Lamulungu lotsatira maliro, Crispín anadzuka pa benchi lake lomalizira n'kuyenda kupita kuguwa. Tchalitchi chonse chinatembenuka kumuyang'ana. Anafika pamzere kumbuyo kwanga, ndipo ine ndinapatuka kuti atsogole.

Mzimu wa Ña Eduvigis, ndi wa mwana wawo Nicasio, iwuse mu mtendere wa Ambuye.