Mumagona Angati Muno?

Chaka chimene makoswe anachuluka kuseri kwa nyumba yathu yosanja ku Govanhill, kutsidya kwa nyanja, ndinkakhala m'fulati yapakati ndi mkazi wanga ndi mwana wathu. Tinalimo mabanja ambiri m'nyumbamo, aliyense chilankhulo chake, ndipo mabini a zinyalala ankasefukira sabata isanathe. Kumsewu nako kunali kukusintha. Pamene panali shopu ya masamba anali atatsegulapo malo omwera khofi.

Tsiku lina m'mawa kunabwera amuna awiri ovala majekete owala, akuti ndi a zaukhondo. M'mabini anangosuzumiramo pang'ono, n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo. Kwathu anafunsa mwaulemu ndithu: "Mumagona angati muno?" Ndinawayankha, koma mtima sunakhale m'malo. Khoswe ali panja, bwanji akufunsa za ogona m'kati?

Pansi pathu pankakhala mayi wina wosoka zovala, wochokera ku El Salvador. Iwo sanatsegule chitseko. Masana ake tinakumana pamasitepe.

"Bambo, kwathu zinayambanso chonchi kalekale," anatero m'Chingerezi chawo chodukaduka. "Tauni yathu itayamba kukula ndi malonda a khofi, dokotala ankayenda limodzi ndi wapolisi. Amayi ochapa anawathamangitsa kumtsinje, ogulitsa zakudya anawachotsa pabwalo, ati amabweretsa matenda. Pomwe ankakhalapo panamangidwa nyumba za olemera."

"Komatu mayi, makoswewo alipodi," ndinatero.

"Alipo, eya. Nanga amuna a majekete aja anawaitana ndani?"

Kuyambira pamenepo moni unachepa pamasitepe. Mkazi wanga ankakayikira bambo wina amene anali atangogula fulati yapamwamba. Mayi osoka aja ankakayikira mwininyumba. Patapita nthawi ndinazindikira kuti banja la ana ambiri loyang'anizana nafe linkakayikira ineyo, poti bambo wa m'banjamo anandiona nditaima pakhomo ndi amuna aja. Ndikatulukira, ankakokera ana ake m'nyumba. Mwana wanga anasiya kuitanidwa kokasewera.

Nyengo yozizira isanathe, banjalo linasamuka. Kaya anawauza kuti achoke, kaya anatopa okha, palibe anandiuza. Ndinapeza bamboyo akulimbana ndi matiresi pamasitepe, ndipo ndinagwira mbali imodzi. Sanakane, sanathokozenso. Titafika kumsewu ndinamufunsa kumene ankapita.

Anandiyang'anitsitsa, ngati akuyeza kumene yankho lake likafike.

"Kutali," anatero, n'kutseka chitseko cha galimoto.