Chiganizo Chomwe Chinandithera Mpweya

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinayitanidwa kukalemba mayeso olowera ku yunivesite, mpunga utayamba kucha m'madambo a ku Domasi. Masamu sankandiopsa. Chinkandidetsa nkhawa chinali gawo la Chingerezi, la malamulo a chiyankhulo ndi kulemba chimangirizo. Bambo anali atanena kale kuti ndikalephera ndipita kwa azakhali ku Liwonde kukawathandiza kugulitsa kaunjika.

Mayi ananditumiza kwa a Chikaonda, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankakhala yekha kuseri kwa mishoni. Maso awo anali atachita ng'ala, choncho sakanatha kuona zomwe ndinalemba. Anandikhazika pamkeka pakhonde n'kundiuza kuti ndiwawerengere mokweza.

Chimangirizo changa ndinali nditachidzaza mawu akuluakulu otola mudikishonale. Chiganizo choyamba chinali chachitali moti mpweya unandithera ndisanafike kumapeto, ndinayamba kutsokomola. Iwo sanaseke.

"Wapumira pati, Eneless?" anandifunsa.

"Pakati, aphunzitsi."

"Pamenepo ndiye pofunika mpumiro. Nanga iwe umafuna kunena chiyani?"

Ndinawafotokozera m'Chichewa, m'mawu ochepa chabe.

"Nanga bwanji osalemba zomwezo?"

Kuyambira pamenepo ndinkapita m'mawa uliwonse ndikachoka koingitsa mbalame kumpunga, matope ali m'miyendo. Ndikasokoneza nthawi ya mneni, ankagogoda pansi ndi ndodo yawo. "Mbuzi yakoyo inathawa dzulo kapena ikuthawa pano? Sankha chimodzi." Nthawi zina ndinkabwerera kunyumba nditakwiya, koma ziganizo zanga zinayamba kufupika ndi kumveka.

Tsiku la mayeso ndinakwera minibasi kupita ku Zomba. M'holomo ndinkawerenga chiganizo chilichonse chamumtima, milomo ikugwedera, mpaka woyang'anira mayeso anabwera kudzaima pambali panga. Ataona kuti palibe chomwe ndabisa, anapitirira.

Dzina langa litatuluka, ndinathamangira kwa a Chikaonda. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, akumwetulira. Kenako anati, motsitsa mawu, "Ndiye kuti khonde lino likhalanso zii."

Ine ndinangoseka, mtima uli kale ku koleji. Lero ndakula, ndipo ndimamvetsa zomwe ankatanthauza. Ndinkaganiza kuti ndinkapita kukalandira thandizo basi, osadziwa kuti mkulu uja ankadzuka m'mawa kudikira mawu a munthu pakhomo pake.