Moto Umene Unalowa Pansi pa Dimba la a Esitere

Pa mabedi makumi awiri amene mayi awo anawasiyira kudambo, a Esitere Gerevazio atsala ndi asanu ndi limodzi. Enawo sanagulitse, sanalandidwe, ndiponso sanakokoloke ndi madzi. Anapsa. Sikuti zinapsa ndi mbewu zokha ayi. Linapsa ndi dothi lenilenilo, kuyambira pansi.

A Esitere ndi mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, ndipo amakhala m'mudzi wina wa kumapiri a Dedza, chakumtunda kwa Linthipe. Sukulu analekezera ku pulayimale. Amuna awo, a Ignasio, anabwera kudzakhala chikamwini, ndipo nthawi yambiri amakhala kunkhalango ya paini kumene amacheka matabwa. Ana awo onse anakula ndi kuphunzira ndi kabichi, anyezi ndi mpiru wa m'dimbamo, zimene a Esitere ankakweza pa njinga ya kabaza kukagulitsa kumsika wa Linthipe.

Dambolo ndi lalitali, lopapatiza, logona pakati pa zitunda ziwiri. Dothi lake ndi lakuda bii, lopepuka m'manja, ndipo chapakati pake limanjenjemera munthu akaponda. Si dothi wamba. Ndi udzu, bango ndi mizu zimene zinafa kalekale koma sizinawole n'kutha chifukwa zinamira m'madzi. Zinangounjikana chaka ndi chaka mpaka zinasanduka nthaka. Odziwa amati pamatha moyo wathunthu wa munthu kuti nthaka yotere ikwere kutalika kwa chala chimodzi. Imamwa mvula ya dzinja n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, n'chifukwa chake mtsinje wa kumunsi sunkaphwa. Ikakhala yonyowa siingayake. Ikauma imakhala ngati nkhuni.

Chaka chilichonse mu Okutobala, akachotsa mbewu zoyamba, a Esitere ankaunjika udzu, mapesi ndi zitsa za kabichi pamwamba pa mabedi n'kutentha, kuti phulusa likometse nthaka ndi kuti tizilombo tife. Mayi awo ankatero. Amayi onse a m'dambomo ankatero. Moto unkanyambita udzuwo, n'kufika pa chinyezi, n'kuzima wokha munthu asanamalize kutsuka khasu.

Kumtunda kwa dimba lawo kunali chigawo cha dambo chimene banja lawo silinkalima. Kumeneko amayi a m'mudzi ankamwetako udzu wofolerera nyumba. Woyang'anira malo a banja anali mlongo wawo wamkulu, a Alufeo, monga mwinimbumba. Chaka china a Alufeo anachititsa lendi chigawocho kwa a Levison, mlimi wa mbatatesi wochokera kutauni ya Dedza. A Levison anabwera ndi aganyu, ndipo anakumba ngalande yakuya yofika munthu m'chifuwa, kuyambira kumutu kwa dambo, kudutsa m'mbali mwa mabedi a a Esitere, mpaka kumtsinje.

"Achimwene, dzenje lonseli n'lanji?" a Esitere anafunsa ataima m'mphepete mwake. "Akufuna kuikamo mudzi wonse?"

"Mbatatesi siifuna madzi ambiri, achemwali, imawola," a Alufeo anayankha. "Inunso mudzayamika. Mwasiya kutitimira m'matope ngati ng'ombe."

Ndipo chaka choyambacho a Esitere anayamikadi. Khasu linkalowa mosavuta, miyendo sinkang'aluka ndi matope ozizira. Palibe amene anaona cholakwika, kupatula a Ignasio, amene tsiku lina atabwera kutchuthi anapita kukatunga madzi pachitsime cha m'dimba, napeza kuti ayenera kugona chafufumimba kuti ndowa ifike pa madzi. Anawauza akazi awo. Akazi awowo atawapempha kuti akawauzenso alamu awo, a Alufeo, a Ignasio anapukusa mutu.

"Ine ndine wobwera. Za dambo la eni ndilankhulepo ngati ndani?"

Chaka chachiwiri nthaka inayamba kung'aluka. A Esitere anaona ming'aluyo, koma anaganiza kuti ndi dzuwa la chaka chimenecho. Itafika Okutobala anaunjika udzu wawo monga mwa nthawi zonse, nayatsa moto, naudikira mpaka malawi atatha, nabwerera kunyumba. M'mawa mwake anapeza utsi ukufukabe. Sunkachokera pa phulusa la udzu. Unkatuluka m'ming'alu ya dothi, woyera, wonunkha ngati sanza zopserera. Anathira madzi ndi kheni. Dothi linalira kuti tswii, utsi unaleka, kenaka unatulukira pena, patali ndi pamene anathira. Anaitana amayi anzawo, ndipo anatunga mpaka chitsime chinatsala matope okhaokha. Motowo sunkaoneka ndi maso. Unkayenda pansi, kudya mizu yakalekale ija, ndipo munthu ankaudziwa pokhapokha phazi likatitimira m'phulusa lotentha.

Unayaka milungu yambiri. Unadya mabedi a a Esitere limodzi ndi limodzi, kabichi wachiwiri akufota ali chiimire. Kenaka unakwera chakumtunda, nulowa m'mphepete mwa munda wa a Levison, nuwotcha mbatatesi ili m'mizere. Kumsika anthu ankaseka kuti chaka chino a Levison agulitsa yootcheratu, wogula angobwera ndi mchere. A Levison sanaseke. Anakasuma kukomiti ya m'mudzi yoona zachilengedwe.

Mlandu unakambidwa pabwalo la mpira, anthu atakhala pa udzu. Wapampando wa komitiyo, a Rafaelo, anafunsa funso limodzi.

"Moto umenewu anayatsa ndani?"

"Ndine," anatero a Esitere.

"Ndiye nkhani yafupika."

"Isafupike choncho, bambo. Moto umenewu ndinayamba kuyatsa ndili mtsikana, ndikuthandiza mayi anga. Amayi onse ali panowa amayatsa. Ngakhale akazi anu amayatsa. Bwanji dothi silinapsepo zaka zonsezi? Tafunsani chimene chasintha kudamboko."

Amayi ena anang'ung'udza movomereza. A Rafaelo anakweza dzanja.

"Mayi, ife tikuzenga za moto. Za ngalande ndi za m'banja mwanu. Mukakambirane ndi achimwene anu."

A Alufeo anali pomwepo, akujambulajambula pansi ndi kamtengo. Sanadzutse mutu.

Chigamulo chinali chakuti a Esitere apereke mbuzi kwa a Levison, ndipo asalime kudambo chaka chathunthu, kuti ena atengerepo phunziro. Za ngalande anati adzakambirana a Levison akakolola.

M'pofunika kunena mosabisa chimene chinachitika pabwalopo. Komitiyo inali ndi lamulo loletsa moto, koma inalibe lamulo loletsa kuumitsa dambo. Machesi amaoneka, ndipo amene wawagwira amadziwika dzina. Ngalande imagwira ntchito yake mwakachetechete, ndipo amene anailamula amabwera pa njinga yamoto, n'kupatsa anyamata a m'mudzi ganyu. Motero amene anachotsa madzi anatuluka pabwalo atakoka mbuzi, ndipo amene anachita zimene mayi ake anamuphunzitsa anatuluka ndi dzina la wowononga chilengedwe. A Esitere sanakane kuti anayatsa. Chimene anakana n'chakuti mlandu uyambire pa machesi.

Motowo unazima ndi mvula ya mu Disembala. Pamene unadutsa, nthaka inatsika kufika m'mawondo, pakutsala phulusa lofiirira ngati la njerwa, limene madzi a m'ngalande analikokolola kupita nalo kumtsinje. Chaka choletsedwacho a Esitere anachithera ku Linthipe, akupikula ndiwo za anzawo n'kumagulitsa pamulu. Amene kale ankagula kwa iwo ankafunsa kuti kabichi wawo uja ali kuti, ndipo iwo ankangoyankha kuti dimba likupuma.

A Levison anakolola, nakololanso kachiwiri. Kenaka dothi lija linasanduka fumbi, injini yawo yopopera madzi inayamba kukoka matope, ndipo anasamukira kudambo lina. Komiti sinakhalenso pansi pa za ngalande. Atakumbutsidwa, a Rafaelo anati mwini nkhani anachoka.

A Esitere atabwerera kudimba sanayambe ndi kulima. Anayamba ndi ngalande. Pa chigawo chodutsa m'mbali mwa mabedi awo anakhoma zikhomo mopingasa, a Ignasio anabweretsa matabwa otsala kocheka, ndipo kuseri kwake anasanja matumba odzaza dothi. Anatseka malo angapo motero, motsikira kumunsi. Mvula itagwa tchingo loyamba linagumuka; analimanganso. Pang'onopang'ono madzi anayamba kuima kuseri kwa tchingo lililonse, achule anabwerera, ndipo mabedi asanu ndi limodzi amene moto sunafikeko anayambanso kuda ndi chinyezi. Udzu satenthanso. Amaukwirira m'mabedimo kuti uwolere momwemo. Amayi ena atengera, ena amayatsabe, koma tsopano amayamba apisa dzanja m'dothi kuti amve ngati muli chinyezi.

Pamene panapsa pamera zisoso ndi udzu wouma msanga. A Esitere amadziwa kuti nthaka ija sadzaionanso ndi maso awo, ngakhale adzukulu awo sadzaiona.

Ngalande ija, mbali ya kumutu kwa dambo, ikadali yotsegula, ndipo ikupitiriza kukhetsa madzi amene akanatsikira kumabedi awo. Ili pa chigawo chimene a Alufeo amayang'anira. Masiku apitawa a Esitere anapita kukawapempha kuti awalole kuitseka. Anati zikhomo adula kale, ndipo sakupempha wowathandiza.

"Ngalande imeneyi munthu anavutikira kukumba, achemwali," a Alufeo anatero. "Akabwera wina wofuna malo adzaifuna ili choncho."

"Nanga akadzabwera, adzapeza madzi ati?"

"Tidzaona mvula ikatha."

Zikhomozo zili kuseri kwa nyumba ya a Esitere, zomangidwa mtolo, zitatsamira nkhokwe.