Mpando wa Mumtengo ndi Mbawala ya Apongozi

Chaka chotsatira chilala cha 1992 ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ku Magodi, mnyamata wa ku Chipata wodziwa kupolisha nsapato kuposa kugwira khasu. Ndinakwatira komweko, m'mudzi woyang'anizana ndi sukulu. Apongozi aamuna sankandida, koma sankandiwerengeranso. Kukabwera alendo ankandiloza ndi mlomo n'kunena kuti, "Awa ni asambizgi. Manja yawo ni ya choko." Alendo ankaseka, inenso n'kumaseka nawo, koma kunena zoona zinkandiwawa.

Iwowo anali mlenje. M'chaka cha njala analowa m'nkhalango yotetezedwa ya Lukusuzi ndi anzawo awiri, a gemu n'kuwapeza ndi nyama paphewa. Anzawo anathawa, iwo anakhala m'ndende miyezi ingapo. Anabwerako ali mafupa okhaokha, ndi chifuwa chosatha komanso mawondo osafuna kupinda. Mfuti anawalanda, koma mlenje sakhala ndi mfuti imodzi. Gogodela ina inali gone kunsi kwa nkhokwe, ndipo anzawo aja ankabwerabe kudzakhala nawo pansi pa mango, n'kumalankhula motsitsa mawu.

Chilimwe chimenecho mbawala inayamba kulowa m'dimba lawo kudambo. Inkadya kholowa, kulawako nyemba, n'kusiya mapazi pamatope ngati munthu wosaina kalata. Apongozi anaidikirira m'mawa uliwonse, koma chifuwa chinkawaulula. Akangotsokomola kamodzi, nyama ija inkauwa kutali n'kupita. Tsiku lina pachakudya anadandaula kuti mbawala siyang'ana kumwamba, akanakhala ndi mawondo akale akanaidikira mumtengo.

Pakamwa panga panandigulitsa. "Adada, mwezi uno usanathe, ine ndibwera nayo."

Alamu anga anasiya kutafuna. Mkazi wanga anandiyang'ana monga amayang'anira mwana akanyamula mbale yosweka. Chinthu chachikulu chimene ndinali nditaphapo chinali njiwa, ndi legeni, ndili Giredi 5. Koma mawu anali atatuluka, ndipo wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Vuto linali pokhala. Dimbalo linali ndi mitengo itatu, mkuyu, mtondo ndi muwanga, ndipo mbawala inkasintha polowera malinga ndi mphepo. Nsanja yokhomera sikanathandiza, komanso ikanaitana maso a anthu ofunsa mafunso. Panafunika mpando wopepuka, woti ndiubereke kumsana, ndikwere nawo, ndiumangirire, ndikhalepo maola awiri osamveka. Apongozi anandipatsa lamulo limodzi lokha: "Ukalila, basi. Mbawala ili na makutu kupambana amama ŵa mwana wanga." Apongozi aakazi anali pafupi akupeta, koma anachita ngati sanamve.

Ndinayamba ndi mpando wachitsulo wa kusukulu. Ndinaubwereka Loweruka, ahedi atapita ku boma. Ndisanafike ndi padambo pomwe msana unali utathyoka, ndipo pokwera unagunda thunthu la mkuyu n'kulira ngati belu la sukulu. Ana awiri oweta ng'ombe anathamanga kudzaona ngati kuli asembule. Lolemba m'mawa mpando unali wabwerera m'kalasi, wopindika mwendo umodzi, ndipo ine ndinathandiza nawo ahedi kudabwa.

Kenaka ndinamasula kaliyala wa njinga yanga n'kumangapo thabwa. Kupepuka anali wopepuka, koma kaliyala ameneyo anali atazolowera kudandaula m'njira zonse za ku Magodi, ndiye mumtengo sakanasiya. Ndikangopuma mpweya, kwii. Ndikameza malovu, kwii. Ndinayesanso mpando wa ndalema wa m'nyumba mwathu. Umenewo sindinena zambiri. Unadzipinda ndili pakati pake, miyendo m'mwamba, ndipo chala chimene unandipana chikadali chokhota mpaka lero.

Mkazi wanga ndiye anasanduka woyesa mayeso. Ndinkamangirira mpando pa mango wa kuseri kwa nyumba, iye n'kukhala chofulatira akusenda nshawa. Akamva kanthu ankakweza dzanja osatembenuka. Dzanja limenelo ndinafika polida.

"Nakumvani," ankatero.

"Si ine, ndi nthambi."

"Mbawala muzaiuza kuti ni nthambi?"

Pang'onopang'ono ndinaphunzira. Chitsulo chilichonse chimalira, ngakhale msomali umodzi. Luzi likauma limalira. Thumba la feteleza limalira kuposa zonse, moti ukaliyala pampando uli ngati wakhalira mapesi. Girisi amatseka pakamwa pa mpando koma amanunkha, ndipo mphuno ya mbawala si yocheza nayo. Pomaliza ndinapeza kathabwa ka malaina, kopepuka koti n'kunyamula ndi zala ziwiri. Ndinakapangira miyendo ya nsungwi yotsamira pathunthu, ndipo pa Msika wa Lundazi ndinasankha malegeni a chubu cha galimoto, ndikuwakoka limodzi limodzi mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndikufuna kumanga nawo njovu. Paliponse pamene mtengo unkakhudza mtengo unzake ndinakulungapo mphira n'kupakapo phula la njuchi. Pamwamba ndinayala chikopa cha mbuzi. Chomangira pathunthu chinali chingwe cha chikopa cha ng'ombe, chofewetsedwa bwino.

Madzulo ena ndinakwera mango uja, kumangirira, kukhala, kutembenukira uku ndi uku. Mkazi wanga anasenda nshawa lichero lonse, kenaka anaimirira n'kuyamba kundiitana cha kumsewu, poganiza kuti ndachoka. Sindinanyadirepo satifiketi iliyonse ngati mmene ndinanyadira tsiku limenelo.

Apa ndiyenera kunena za apongozi aakazi. Ine ndi iwo sitinkalankhulana. Sikuti tinayambana, ndi mwambo chabe. Tikakumana panjira iwo ankapatukira m'udzu, kugwada chofulatira n'kuomba m'manja, inenso ndinkanjuta n'kuomba. Uthenga uliwonse unkadzera mwa mkazi wanga. Chaka chathunthu cha ukwati mawu awo ndinkangowamva akukalipira nkhuku.

Tsiku lenilenilo ndinalawira, mpando kumsana, gogodela m'manja, apongozi aamuna ataithira okha wonga. Ndinasankha mkuyu chifukwa mphepo inkachokera kuthengo. Nditafika patsinde ndinaganiza kuti nsapato zingakwekwese khungwa, ndiye ndinazivula. Mlenje weniweni akanazibisa m'udzu, kapena sakanavala n'komwe. Ine ndinaziika bwinobwino, moyandikana, zoyang'ana kumtengo, monga munthu amachitira pakhomo la eni ake. Zinali zakuda, zopolisha dzulo lake, ndipo m'midzi yonse yozungulira panalibe wina wa nsapato zotero.

Kunayamba kuyera. Mame ankagwa kuchokera m'masamba, mpando uli zii. Ndinamva mapazi, koma sanali a nyama. Anali apongozi aakazi, kamtolo ka kholowa pamutu. Anapita molunjika pangodya ya mpanda, kusolola mitengo iwiri, kusiya mpata woti mbuzi n'kudutsa. Kholowa uja anamumwaza pakhomo pa mpatawo n'kuwazapo kanthu kochokera pamfundo ya chitenje. Unali mchere.

Ndinangoti kukamwa yasa. Mwezi wathunthu mudzi wonse ukutukwana mbawala yochenjera, pamene mbawalayo inali ndi woitsekulira chitseko.

Potembenuka anaziona nsapato.

Anaima nthawi yaitali. Kumwamba sanayang'ane. Mkamwini kukhala pamwamba pa mutu wa apongozi ake ndi chinthu chosayenera ngakhale kuchiona, ndiye iwo anasankha kusachiona. Ine thukuta linali kamukamu m'mawa wozizira. Ndikanatsokomola kale akali patali kuti apatuke, koma ndinali nditakhala milungu itatu ndikuphunzira kusamveka. Iwo anakhala pansi chofulatira mtengo, kuwongola miyendo, kukonza chitenje, n'kuyamba kulankhula ndi nsapato.

"Monile, skapato. Mwalawila."

Nsapato sizinayankhe.

"Ndimwe skapato za ku Chipata, Chitumbuka chikumusuzgani, ndiye nikambe Chinyanja chanu. Imwe mwabwela manje manje. Simunaone mwamene anabwelela adada ŵa m'nyumba muja kuchoka ku jele. Nine ninawasambika. Madzi yanali kuima mu nthiti."

Anathyola kaudzu n'kumakapotokola.

"Anzawo aja akuti mwezi ukafa apitenso ku Lukusuzi. Chikuwagwila ni chiyani? Ni kanyama aka. Akauka, mbawala. Akagona, mbawala. Akuti sangachoke pa mudzi kanyama kali kuwaseka mu dimba mwawo. Tsiku kazafa, mawa lake mfuti ili pa phewa, na mawondo yaja osathamanga. Kholowa nili nayo yambili, skapato. Mwamuna nili naye mmodzi."

Anaimirira, kusasa chitenje, n'kulowa njira ya kumudzi pang'onopang'ono. Asanapite anawerama n'kuchotsa kachitsotso kamene kanagwera pa nsapato yakumanzere.

Sipanapite nthawi, mbawala inatulukira m'bango. Inali yamphongo, yofiirira moderako, ya timadontho toyera m'ntchafu, khutu limodzi long'ambika. Inafika pa kholowa wa mchere uja ngati mlendo wozolowera pakhomo. Inali pafupi moti ngakhale wa manja a choko sakanaphonya. Ndinakweza mfuti. Ndisaname, ndinaifuna. Ndinadziona ndikulowa m'mudzi nyama ili pa kaliyala, alamu akuthamangira, apongozi akuuza alendo mawu ena atsopano. Ndinaganiza zoti ndigwedeze mpando kuti ulire wokha, mlandu ukhale wake, ine ndisasankhe kanthu. Ndinagwedeza. Ndinadzikhutchumula. Mpando wanga wokongolawo unangoti chete, monga ndinauphunzitsira.

Patali, pokwera kuchoka m'dambo, ndinaona duku la apongozi. Anali ataima, chofulatirabe. Munthu wamkulu akakulankhula umayenera kuyankha. Ndinagoneka mfuti pamiyendo, kupinda zikhatho, n'kuomba m'manja katatu, mwaulemu, monga ndinkachitira panjira. Mbawala inauwa kamodzi n'kuzimirira m'bango. Duku lija linayambanso kuyenda.

Pobwerera ndinadzera kusukulu. Ndinamasula malegeni pamfundo imodzi, n'kukhomapo msomali wadzimbiri wochokera pa desiki lothyoka. Pamene ndinkafika kwa apongozi, alamu ndi anzawo a pansi pa mango aja anali atasonkhana kale.

"Ili kuti?" anafunsa apongozi aamuna.

"Mpando unalira, adada."

Anaulandira, kuuika pansi, kuukanikiza ndi dzanja. Kwii. Anaukanikizanso kuti aliyense amve. Kwii. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mpando wa asambizgi ukwimba sumu," anatero, ndipo pofika Lamlungu nkhani inali itafika kutchalitchi. Ana a m'kalasi mwanga anayamba kuliza mabenchi ndikatembenukira kubolodi. Zinandipweteka, ndipo ndikanama ndikati ayi. Mkazi wanga yekha ndiye sanaseke. Anautembenuza mpando uja, kuona msomali, kundiyang'ana, n'kuubweza.

Chimene sindinayembekeze n'chakuti apongozi aamuna anautenga mlanduwo kukhala wawo. Anati ana a masiku ano sadziwa kumanga, ndipo adzandionetsa. Kuyambira tsiku limenelo pansi pa mango panasanduka pa ntchito: nsungwi, zikopa, phula, malegeni. Anzawo akabwera kudzanong'ona ankawapatsa chingwe kuti agwire. Mpando uliwonse ukatha ndinkatumidwa nawo kudambo, ndipo uliwonse unkapeza chifukwa chake. Wina unalira, wina unandipana, tsiku lina mphepo inatembenuka, tsiku lina linthumbu linandipeza. Luso langa la bodza linakula kwambiri chilimwe chimenecho. Mwezi unafa, anzawo anapita okha. Mvula itagwa, aliyense anagwira khasu. Chilimwe chotsatira tinayambiranso, ndipo sindikudziwa ngati inali mbawala yomweyo kapena mwana wake, pakuti mchere suuza nyama imodzi.

Lamlungu loyamba lija nditachititsidwa manyazi, mkazi wanga anabwera kuchokera kwa amayi ake ndi kambale kovindikira. Munali nkhuku, ndipo pamwamba panali nthutumba, imene kwawoko imadyedwa ndi mwini khomo yekha.

"Akuti chiyani amama?" ndinafunsa.

"Sanakambe. Angoti mupolishe nsapato, zachita matope."

Apongozi aamuna anamwalira patapita zaka zisanu, ndi chifuwa chomwe chija, pamphasa yawo, m'nyumba yawo, akazi awo atawagwira mutu. Ku Lukusuzi sanapondekonso. Sabata yomaliza anandiitana n'kundiuza kuti mpando wa chaka chino tiuyese pa muwanga, ndipo ndisamapume ndi pakamwa. Anapita akudziwa kuti mkamwini wawo ndi wa choko basi, ndipo zimenezo zimandikhudzabe.

Titaika maliro ndinalowa m'nyumba ya siwa kukakhala ndi alamu, nsapato n'kuzisiya pakhomo. Zinali zina, zakale zija zinatha. Apongozi aakazi ankatuluka atagwiriziridwa ndi amayi awiri. Atafika pakhomopo anaima, kuwerama pang'ono, n'kuthokoza motsitsa koma momveka mpaka mkati:

"Yewo chomene, skapato."

Amayi awiri aja anayang'anana, poganiza kuti chisoni chawasokoneza mutu. Ine ndinapinda zikhatho n'kuomba katatu.