Kanyanga komwe mita yanga sinaone

Ndimakonza mawailesi pa Lirangwe. Ndinayamba nthawi ya makaseti, mafoni atabwera ndinaphunziranso amenewo. Sukulu ndinalekeza sitandade seveni. Zida zanga ndi chowotcherera, mtovu ndi mita yoyezera magetsi.

Achemwali anga amakhala ku Chileka. Amuna awo atamwalira anatsala ndi ana anayi ndi ng'ombe imodzi ya mkaka. Mkakawo ankakapereka kugulu la alimi komwe kunali thanki yoziziritsira, ndipo galimoto ya ogula inkabwera kudzatenga. Thanki ikazima mkaka umasasa.

Thankiyo inali ndi bolodi yoyendetsa zonse, ndi kasikirini kosonyeza kuzizira. Ziwirizi zinkalumikizana ndi mawaya aafupi ngati chala. Makoswe anawadya. Achemwali anauza gulu kuti achimwene awo ndi katswiri.

Ndinapita. Mawaya otere kunalibe, ndiye ndinadula a machaja akufa. Ndinafuna kuwakomera mtima. Ndinachotsa sikirini pansi pomwe inali n'kuikhomera kukhoma, pamwamba, poti aliyense aziwerenga. Mawaya anatalika kuposa mkono wanga. Sipika ya wailesi ndimaitalikitsira waya tsiku ndi tsiku, sipalakwika kanthu.

Zinayaka. Amayi a m'gululo anaomba m'manja.

Patapita masiku asanu thanki inazima. Kuseri kwa sikirini kuli ayisi, kachidutswa kakuda ka miyendo yambiri. Inali itafa, ndipo bolodi ikapanda kumva sikirini imazimitsa zonse. Ndinasakasaka ku Limbe m'mabolodi otayidwa, ndinapeza zitatu. Ndinaika yoyamba. Ndinayeza mwendo uliwonse. Mita inati mavoliti asanu, osapitirira. Sabata isanathe inafanso. Yachiwiri chimodzimodzi.

Ndinawapeza achemwali akukhuthula zigubu kuseri kwa nyumba ya gulu. Agalu anali atakhuta kale.

"Mwapeza chiyani, achimwene?"

"Sindinapeze."

"Mita yanuyo ikuti bwanji?"

"Ikuti zonse zili bwino."

"Iuzeni ibwere idzamwe chambikochi."

Anapukuta manja pachitenje.

"Kumsonkhano ndikumakhala kumbuyo masiku ano. Ndine ndinakubweretsani."

Inatsala ayisi imodzi. Ndinamasula bolodi, sikirini ndi mawaya anga, ndinakwera nazo minibasi. M'tauni munali bambo wina wopuma pantchito, kale ankaphunzitsa zamagetsi. Anali ndi makina okhala ngati kawailesi yakanema, ojambula magetsi ngati mzere wobiriwira. Anati dzina lake ndi osilosikopu. Ndinali ndisanaigwirepo.

Tinaika ayisi yotsala ija, tinayatsa. Anakhudza mwendo umodzi ndi kandodo koyezera. Mzere unkakwera, kuyenda chopingasa, kutsika, ngati masitepe. Koma pokwera paliponse panali kanyanga kosongoka kopitirira pamwamba, kenaka mzere n'kunjenjemera usanakhazikike.

"Mwakaona ako, madala?"

"Ndakaona."

"Bolodi imalankhula ndi sikirini poyatsa ndi kuzimitsa magetsi, mofulumira moti simungawerenge. Pawaya waufupi amafika n'kuima. Pawautali chonchi amafika ndi liwiro n'kupitirira positeji, ngati kabaza wopanda mabuleki. Kupitirira kulikonse kumaimenya ayisi. Siifa lero. Imafa Lachisanu."

"Mita yanga inati asanu."

"Sinaname. Imachedwa basi. Ikamati iyang'ane, kanyangako kadutsa kalekale."

Kenaka anati tisathamange. Kandodo koyezera kaja kanali ndi kawaya kakuda kolendewera, kopanira pabolodi, pamalo pomwe amagetsi timati nthaka. Anakachotsa. Anakulunga kawaya kena kakafupi kunsonga kwenikweni, n'kukhudza pafupi ndi mwendo womwewo. Kanyanga kanafupika pafupifupi theka.

"Ndiye zoona ndi ziti?" ndinafunsa.

"Zachiwirizi zayandikira. Waya wa choyezera ukatalika nawonso umawonjezera zake."

"Zayandikira?"

"Makinawa ndi okalamba ngati ine. Mwina nsonga yeniyeni akuidula osaiona. Chomwe ndinganene n'chakuti ngakhale kofupikako kapitirira zomwe ayisiyi ingapirire."

Ndinakhala pampando. Zaka zonsezi ndinkati chinthu ukachiyeza wachidziwa. Apa choyezera china sichinaone, china chinawonjezera, mwini wake akuti mwina.

Anandipatsa pulayala. Ndinadula mawaya anga onse, kutsala otalika ngati chala. Pawaya uliwonse anandiuza ndiwotcherere karezisita kakang'ono kochepetsa liwiro lija. Tinayezanso ndi kawaya kakafupi kaja. Kanyanga kanatsala kachiphuphu chabe.

"Ipirira?"

"Iyenera kupirira."

Mawa lake ndinakamanga. Sikirini ndinaibwezera pansi, ndinaitchinga ndi sefa ya waya. Thanki inalira, manambala anayamba kutsika. Panalibe woomba m'manja. Tcheyamani wa gulu anaima pakhomo.

"Mwagwira ntchito, bambo. Koma ogula aja anaimba foni dzana. Abwerera katatu opanda kanthu, ndiye njira ino aichotsa. Akuti tidikire adzationenso."

Alimi anadikira. Ena anayamba kupalasa njinga kukapereka kugulu lina, kutali. Achemwali alibe njinga, ndipo mwendo umawavuta.

Tsiku lina m'mawa anatsika kabaza pa benchi yanga ndi mabotolo a mkaka m'chidebe.

"Pano pamadutsa anthu. Muziwauza obwera ndi mafoniwa kuti pali mkaka."

"Ine sinditha kuitanira malonda, achemwali."

"Muphunzira."

Anasiya chidebe pansi pa benchi, anakwera kabaza yemweyo. Ndinauza anthu awiri, mmodzi anagula. Dzuwa la pa Lirangwe silichedwa. Pofika masana ndinatsegula botolo limodzi, ndinanunkhiza, ndinatsekanso.