Tsiku Limene Nyumba Yathu Inalemera

Amayi anga sankafuna kuti munthu aone pansi pa nkhokwe yawo. Ngakhale chaka chimene mvula inadula ku Lirangwe, chimanga n'kupserera chisanamasule, aliyense wowafunsa ankamuyankha kuti tili bwino. Khalidwe limeneli ndinatengera, ndipo mpaka lero limandivuta.

Chaka chomwecho kunabwera bambo wina wa kafukufuku wa boma, pa njinga, tayi ili pakhosi dzuwa likuswa mtengo. Sankalowa nyumba iliyonse. Kwawo ku ofesi anali atachita maere, ndipo maerewo anagwera ife. Amayi anamuyalira mphasa yatsopano, ija inkadikira abusa.

"Mumadya kangati pa tsiku?" anafunsa bamboyo.

"Katatu, achimwene," anatero amayi, osaphethira n'komwe.

Ine ndinazolika. Tinkadya kamodzi, ndipo masiku ena anali mango owiritsa basi. Bamboyo analemba, kenako anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso amayi.

"Mayi, muziyankha mosamala. Nyumba yanu ino ndi yolemera."

Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti. "Yolemera? Denga ilo mwaliona? Nanga chumacho mwandisungira kuti?"

"Si kulemera kwa chuma ayi, ndikunena kwa pa sikelo," anatero bamboyo, thukuta lili kamukamu. "Ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege, tafunsa nyumba zambiri, ndiye iliyonse ikuimira mabanja ochepa. Kuno tasankha zochepa. Pokaphatikiza, yankho lanu tikalichulukitsa kuti liimirenso anzanu amene sitiwafikira, mpaka cha ku Mdeka uko. Inu mukati katatu, onsewo adya katatu."

Kuseka kunathera pomwepo. Masiku amenewo kutchula njala kunali kudziputira mavuto. Mawu ankayenda okha, ndipo achinyamata a chipani sankachedwa kufika pakhomo. Panalinso manyazi, amene kwa amayi anali owawa kuposa njalayo. Anaponya maso kutsidya kwa msewu, pa nyumba ya mayi wina wamasiye wa ana ang'onoang'ono, pamene utsi sunafuke chiyambire dzulo lake.

"Ndiye kuti ndikanama ine, ndawanamizira ndi awonso?"

"Ndi momwemo, mayi."

Amayi anamanga bwino chitenje chawo. Ndinachita mantha, koma sindikumbuka tsiku lina limene ndinawakonda chotero.

"Fufutani," anatero amayi. "Lembani kamodzi. Ndipo musindikize pensuloyo kwambiri, kuti akuluakuluwo asakanene kuti sizikuoneka."