Alamu Anga Ankadana ndi Penti

Nditabwera ku Chaneng, pafupi ndi Rustenburg ku Joni, m'chaka cha 2009, ndinafikira kwa achemwali anga ndi amuna awo, m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni malo. Alamu angawo ankagwira ntchito ya kontilakiti mumgodi. Ine yanga inali yojambula: zikwangwani za timagolosale, mitu ya pamalo ometera, ndi nkhope za machona ofuna kutumiza chithunzi kumudzi.

Kuyambira tsiku loyamba sitinamwerane madzi. Ankati penti akununkhitsa zofunda, ndiponso kuti mwamuna wandevu sangachoke ku Malawi mpaka ku Joni kudzapaka mitundu ngati mwana wasukulu. Akafuna kundinyoza kwenikweni ankandilankhula Chifanakalo, chilankhulo cha m'migodi, ngati akulamula wantchito wawo. Achemwali ankangoyang'ana pansi.

Nthawi imeneyo ndinkajambulira pakhomo, nditakhalira ndowa, mtima ukafuna. Tsiku lina ndikuchokera kogula penti ndinapeza bolodi langa palibe. Linali ndi nkhope ya bambo wina wa ku Mangochi, yotsala pang'ono kutha. Ndinakalipeza alamu atalikhomera pachitseko cha chimbudzi pomwe panabooka, nkhope itayang'ana m'kati. Powafunsa, sanasiye n'komwe kutsuka majombo awo.

"Bola pamenepo likugwira ntchito, alamu," anatero.

Ndinangotsala pang'ono kuwayankha ndi chibakera. Kutacha ndinapita ku Robega, kufupi komweko, kwa mnzanga wina wometa tsitsi, n'kupempha malo kuseri kwa kontena yake. Ndinagula ovolosi yakale. M'mawa uliwonse alamu akamadzuka kukakwera basi ya kumgodi, nanenso ndinkadzuka, n'kuvala ovolosiyo iwo akuona. Tinkatuluka geti limodzi osapatsana moni. Ndinkafuna aziwawidwa mtima, basi.

Kukontenako ndinadziikira malamulo. Chithunzi chimodzi chithe kaye, china pambuyo. Maburashi ndinkawatsuka ndi parafini ndisanadye chilichonse. Mphepo ikayamba kubweretsa fumbi loyera la kumilu ya mgodi, ndinkatembenuzira mabolodi kukhoma n'kuwafunditsa chinsalu, ine n'kumajambula ndi pensulo manja ndi makutu a anthu odikira kumeta. Masiku ena ndinalibe chilakolako ngakhale pang'ono. Ndikakumbukira chitseko cha chimbudzi chija, dzanja linkayamba lokha.

Chaka chisanathe ndinapeza chipinda changachanga. Ponyamula katundu, alamu anauza achemwali mokweza kuti tsopano nyumba ipuma.

Anadzafika kukontena kamodzi kokha, Loweruka lina, kudzameta. Atatha anazungulira kuseri, manja m'thumba, n'kuyamba kuyendera mabolodi anga limodzilimodzi ngati kapitawo. Mpando unalipo koma sindinawapatse. Anaima nthawi yaitali pa chithunzi cha mayi wina wobereka mwana.

"Mutu wa mwanayu wakula kwambiri," anatero, n'kulavula pansi, n'kumapita.

Ndinawatukwana chamumtima mpaka anakhota pakona. Kenako ndinayeza mutuwo ndi chogwirira cha burashi, n'kupeza kuti unalidi waukulu. Zinandinyansa kuposa chipongwe chawo chonse. Ndinaufufuta madzulo omwewo n'kuujambulanso, koma ndinamuletsa mnzanga wometa uja kuti asadzawauze.

Mpaka pamene ndinkachoka ku Rustenburg mu 2012, achemwali ndinkakawaona pokhapokha amuna awo akakhala kuntchito mumgodi.